Tsiku Limene Nilda Anatuluka M'khitchini

Kuyambira mwezi wa Okutobala, Nilda Perdomo sankaloledwa kuonera mpira m'nyumba yake yomwe.

Zinayamba ndi mvula. Lamulungu limenelo ku Paysandú kunacha ndi mvula, ndipo Nilda, monga amachitira aliyense kumeneko kukagwa mvula, anakanda ufa n'kuyamba kukazinga tortas, timikate tawo ta ufa wa tirigu, m'mafuta a ng'ombe. Pabalaza panali mlamu wake Wáshington ndi Don Elbio wa nyumba yoyandikana nayo, maso ali pa TV. Timu ya Valdorra, ya mu ligi yachiwiri ku Spain, inali itagonja masewero anayi otsatizana, ndipo mphunzitsi wake anali Heber, mwamuna wa Nilda. Tsiku limenelo Valdorra inapambana ndi zigoli zitatu kwa duu. Nilda sanaone chigoli ngakhale chimodzi. Nthawi zonse zitatu anali ataima pachiwaya, foloko ili m'manja.

"Basi mlamu, tayipeza," anatero Wáshington, mafuta akunyezimira m'ndevu. "Cábala yathu, chizimba chathu cha mwayi, ndi imeneyi. Lamulungu likubwerali ukhale komweko, usasuzumire n'komwe."

Nilda anaseka. Koma Lamulungu lotsatira Valdorra inapambananso, ndipo nkhani ija inasiya kukhala yoseketsa. Aliyense anali ndi mbali yake. Wáshington ankavala juzi yobiriwira yomwe sinalawe sopo kuyambira tsiku la mvula lija. Don Elbio ankakhala kumanzere kwa sofa, ndipo ngakhale chikhodzodzo chimuwawe bwanji, sankadzuka mpaka chigawo choyamba chitatha. Mawu akuti chikho sankatchulidwa m'nyumbamo. Heber nayenso, kutsidya kwa nyanja, ankavala jekete yotuwa imodzi yomweyo. Koma onse ankadziwa kuti mzati wa zonsezi ndi chiwaya cha Nilda.

"Usasinthe kalikonse, nkhalamba yanga," ankatero Heber pafoni. "Ngakhale mchere usaonjeze."

Choncho Nilda anakazinga. Anakazinga mu Januwale, dzuwa likusungunula phula pamsewu, anthu odutsa akununkhiza mpweya n'kuyang'ana kumwamba kuti kapena kukubwera mvula. Anakazinga mpaka Don Elbio anaboola lamba wake bowo lina. Masewero makumi awiri ndi asanu ndi anayi, Valdorra osagonjako.

Chimene amuna aja sanachiganizire n'chakuti TV ija inali malo okhawo amene Nilda akanamuonera mwamuna wake wathunthu. Heber anali atatha zaka zitatu ku Spain. Ankaimba foni, inde, koma foni sankadziwa kuigwira. Nilda ankangoona chipumi, denga la chipinda, nthawi zina khutu. Zidutswa za mpira zomwe ankaonetsa Lolemba zinali za zigoli zokhazokha. Mphunzitsi ankaoneka kamphindi, kuphethira kamodzi wapita. Iye ankafuna kuona mmene Heber amayendera, mmene amakokera mwendo wakumanzere umene anauthyola ali wosewera, mmene amapisira manja m'matumba akumbuyo zinthu zikamuvuta. Zonsezo zinkachitika pabalaza pake, kuseri kwa khoma limodzi, ndipo amene ankaziona anali Wáshington.

Nilda anayesako kukhala ku Spain. Chaka choyamba anakhalako miyezi itatu, m'nyumba yosanja yachisanu ndi chimodzi, akuyang'ana malo oimika magalimoto kuyambira m'mawa pamene Heber wapita kubwalo mpaka madzulo pamene wabwera ndi mavidiyo a timu ina. Atatopa analongedza. Sanakangane. Heber anamuperekeza kubwalo la ndege n'kumulonjeza kuti kontilakiti ikangotha, abwerera kwawo, ndipo akonza mpopi wa kubafa umene wakhala ukudontha kuyambira ukwati wa mwana wawo.

Kontilakiti inkatha mu Juni. Koma mu Epulo Heber anaimba foni mawu ake akunjenjemera ngati mnyamata amene wavomeredwa chibwenzi.

"Pulezidenti wa timu wati tikangotenga chinthu chija, andiwonjezera zaka ziwiri. Mu ligi yaikulu, Nilda! Ine, mwana wa kuseri kwa fakitale ya zikopa!"

"Zaka ziwiri," anatero Nilda.

"Zithamanga, uona."

Nilda anali ndi zaka makumi asanu ndi zisanu ndi ziwiri, ndipo ankadziwa bwino mmene zaka zimathamangira. Zimathamanga kubwalo la mpira. M'nyumba mmene mbale yachakudya ndi imodzi, zimakwawa. Lamulungu lotsatira anaimanso pachiwaya, ndipo kwa nthawi yoyamba anaona bwinobwino chimene ankachita. Tortas iliyonse imene ankaiponya m'mafuta inali kumukankhira Heber kutali.

Mu Meyi timu inayamba kutopa. Inafanana mphamvu katatu kotsatizana, ndipo Unión Sarela, adani awo a tsidya la mtsinje, amene masapota awo sakwatirana ndi a Valdorra, anasendera mpaka kutsala ndi pointi imodzi. Kunatsala masewero atatu, ndipo oyamba anali ndi Sarela yemweyo. Manyuzipepala a kumeneko analemba kuti pulezidenti waleka kudya ndi mphunzitsi wake, ndipo kuti akangogonja kwa Sarela, Heber anyamule zake.

"Anthu a ku Ulaya alibe manyazi," anatero Don Elbio akukhazikika kumanzere kwa sofa Lamulungu la masewerowo. "Munthu ali pamwamba pa ligi, iwo akunola mpeni."

"Asiyeni alembe, Don Elbio. Iwo ali ndi ndalama, ife tili ndi mlamu." Wáshington anakweza mawu. "Mlamu! Mafuta atentha?"

"Atentha. Juzi yakoyo ndiye yapsa kale, ndikuimva kuno."

"Fungo la chipambano limenelo!"

Chigawo choyamba chinatha opanda chigoli. Nilda anali atakazinga mbale imodzi yodzaza. Kudzera pakhoma ankamva woulutsa mpira akutchula dzina la mwamuna wake mobwerezabwereza. Heber waimirira. Heber akukalipira woimbira. Heber wagwira mutu. Mlendo wa ku Spain, amene sanamuonepo Heber atavula nsapato, ankamuona, n'kumamufotokozera iye ngati wakhungu.

Chigawo chachiwiri chitayamba, Nilda anazimitsa moto. Anapukuta manja pa epuloni, pang'onopang'ono, chala chilichonse. Kenako anatuluka m'khitchini n'kukakhala pamkono wa sofa.

Wáshington anamuyang'ana ngati waona mtembo ukuyenda.

"Wasowa chiyani? Shuga? Ndikubweretsera, bwerera!"

"Sindinasowe kanthu."

"Doña Nilda," anatero Don Elbio mwaulemu, "mwina mwaiwala kuti lero..."

"Sindinaiwale, Don Elbio. Tasendezani mutu, mukunditchinga."

Anadikira mphindi zinayi kamera isanapite kumbali kwa bwalo. Ndipo anamuona. Anali atawonda. Jekete yotuwa ija inkalendewera pamapewa pake ngati yobwereka, ndipo tsitsi la pamwamba pa makutu linali litayera mbuu. Anayenda masitepe asanu kupita kumanja, akukoka mwendo uja, n'kutembenuka. Nilda anapeza kuti wagwira epuloni ndi manja onse awiri.

"Mlamu, ndikukupempha," Wáshington anali atatsala pang'ono kulira. "Wamuona. Ndi yemwe uja, sanamere nyanga. Pita tsopano."

Nilda sanasunthe. Pamphindi ya makumi asanu ndi awiri ndi imodzi, Sarela inamenya kona, goloboyi wa Valdorra anatuluka n'kugwira mphepo, mpira uli muukonde. Don Elbio anadziphimba kumaso ndi chipewa. Kamera inabwerera kwa Heber. Anali atapisa manja m'matumba akumbuyo, akuyang'ana udzu.

Nthawi inalipo. Akanatha kudzuka, kuyatsa moto, kuponya ufa m'mafuta. Nilda sanali mkazi wodzinamiza. Sankadziwa ngati chiwaya chingagwire mpira ku Spain, koma ankadziwa chimene mtima wake ukufuna, ndipo anakhalabe pomwepo mpaka chigoli chachiwiri cha Sarela chinalowa. Wáshington anavula juzi ija, n'kuiponya pansi, n'kutuluka ali ndi vesiti yokha. Tortas palibe anazikhudza.

Foni inalira Lolemba m'mawa, Nilda akuthirira maluwa. Panalibe chithunzi, mawu okha.

"Andichotsa."

"Ndamva pawailesi."

"Sanandiitane n'komwe ku ofesi. Anatuma mlembi. Masewero awiri atsala, Nilda, awiri okha. Ndakatsanzika anyamata pamalo oimika magalimoto, ngati wogulitsa malalanje."

Madzi anasefukira mumphika wa maluwa n'kumunyowetsa Nilda phazi.

"Unali kukhitchini?" anafunsa Heber.

"M'bale wako sanakuuze?"

"Wandiuza. Ndikufuna ndimve kwa iwe."

"Sindinali kukhitchini. Ndinakhala pasofa, ndipo ndinakuona. Wawonda ngati galu wa kusiteshoni. Jekete ija ukaitaye."

"Unadziwa chimene ukuchita?"

"Ndinadziwa."

Nilda anamva mpweya wake ukulowa, ukutuluka. Anayembekezera kuti atukwana, kapena anena kuti pali timu ina ku Greece imene ikumufuna. Heber anangoti, "Lachinayi. Basi yochokera ku Montevideo imafika folo koloko." Ndipo anadula.

Anafika ndi masutikesi awiri, jekete ija ili pamkono. Pasiteshoni anamupsompsona patsaya ngati mlongo wake. Kunyumba anadya, anagona, Lachisanu anakonza mpopi wa kubafa osauzidwa. Za mpira sanatchule. Za chiwaya sanatchule. Lamulungu loyamba, nthawi ya masewero itakwana, anavala chipewa n'kupita kukayenda m'mbali mwa mtsinje, ndipo atabwera sanafunse kanthu, ngakhale msewu wonse unkadziwa kuti Valdorra yapambana pansi pa mphunzitsi watsopano ndipo Sarela yafanana mphamvu. Matimu awiriwo anali tsopano ndi mapointi ofanana, kutatsala sewero limodzi.

Sabata imeneyo Nilda anaphunzira kuti munthu akhoza kukhala nawe patebulo limodzi n'kumamusowabe. Ankamuthirira madzi otentha mu yerba, masamba a tiyi wa kwawo, Heber n'kuyamwa, n'kubweza chikho, maso ali pawindo. Kawiri anamupeza akusuntha botolo la mchere ndi la tsabola patebulo, n'kuika supuni pakati pawo, milomo ikuyenda.

Lamulungu lomaliza Wáshington anabwera atavala juzi ija. Anali ataitola, ndipo sanaichape. Kwa Nilda anangogwedeza mutu. Don Elbio anakhala kumanzere. Heber anazungulirazungulira pakhonde, kenako analowa n'kukhala pakati pa sofa, patsogolo penipeni, zigongono zili pamaondo. Nilda anakhala pambali pake. Bondo lake linakhudza la Heber, ndipo Heber sanalisunthe. Aka kanali koyamba m'zaka zitatu kukhala naye chonchi Lamulungu masana.

Osewera anatuluka. Heber ankawatchula mayina mmodzimmodzi chapansipansi. "Wamuika Iñaki kumanzere, chitsiru, mwanayo amaopa kumanzere," anang'ung'udza. Kamera inaonetsa mphunzitsi watsopano, wa suti ndi tayi, ataima pamalo a Heber.

Kutatsala mphindi ziwiri kuti ayambe, Heber analankhula osatembenuka.

"Nkhalamba yanga."

"Ndikumva."

"Si za pulezidenti uja. Ameneyo agwe m'chimbudzi. Koma anyamatawa athamanga kuyambira Ogasiti." Anakanda chibwano. "Ufa ulipo?"

Don Elbio anayamba kuwerenga maluwa a pakapeti.

Nilda anamuyang'ana mwamuna wake, khutu lake, tsitsi loyera lija, mtsempha wa pakhosi ukugunda. Akapambana, chikho chidzanyamulidwa ndi wa suti uja. Heber sichimupatsa kanthu, ndipo sichimuchotsanso pano. Anadzuka.

"Ufa ulipo. Koma mafuta ndi a Lamulungu lija, sindinagule ena."

"Omwewo!" anakuwa Wáshington. "Usasinthe, mlamu wanga wokongola, omwewo!"

M'khitchini anayatsa moto, nakanda ufa mofulumira, naboola pakati pa tortas yoyamba ndi chala. Wezulo inalira. Pasanathe mphindi zitatu anamva sofa ikulira, kenako mawu a Heber, osati a pafoni aja, koma akeake, aakulu, osasa, amene ankadzaza mabwalo a fumbi a ku Paysandú iye ali mtsikana.

"Tseka pakati! Iñaki, bwerera, mwana wa mbuzi iwe, bwerera!"

Nilda anakankha chitseko cha khitchini ndi phazi mpaka chinatseguka theka. Anasendeza chiwaya kuchoka kumoto wakumanja kupita wakumanzere, n'kuima chammbali. Kuchokera pamenepo TV sinkaoneka, inabisika kuseri kwa kabati. Chimene chinkaoneka chinali kampata ka pakati pa sofa ndi windo, ndipo m'kampatako Heber ankayenda masitepe asanu kupita, akukoka mwendo wakumanzere, asanu kubwera, manja ali m'matumba akumbuyo.

"Mlamu!" anaitana Wáshington mwamantha ataona chitseko. "Sukuonera, eti?"

"Mpira sindikuonera," anatero Nilda.

Tortas yoyamba inapserera mbali imodzi. Anaitembenuza osayang'ana pachiwaya.