Tebulo la Pawindo

Kwa zaka zisanu ndi ziwiri, tebulo la pawindo linali la Mng'ono. Ndi pamene ankadulira nsalu, ndipo aliyense wolowa mu shopu ya matelala awiri apachibalewa ankayamba kupereka moni kwa iye. Achimwene ake ankakhala kumbuyo ndi simbi, kusita zimene iye wasoka.

Kale sizinali choncho. Katswiri anali achimwenewo, mpaka maso atayamba kuwavuta. Kakhungu koonekera ka kutsogolo kwa diso kanasongoka m'malo mokhala kobulungira, moti singano imodzi ankaiona ngati zitatu. Magalasi wamba anasintha kanayi, osathandiza. Tsiku limene anadula molakwika mkono wa jekete ya eni ake, anangopereka sizasi kwa Mng'ono. Mng'ono anamva chisoni, inde, koma tisanamizane: pawindo pankakoma.

Ndiye kuchipatala cha maso anawayeza, n'kuwapangira timagalasi tolowetsa m'maso. Tinali tolimba, toumbidwa ngati timbale, kalikonse kopangidwira diso lakelake. M'mawa uliwonse achimwene ankathira madzi amchere a m'botolo m'kagalasi mpaka kudzaza, n'kuwerama nkhope kuloza pansi, kukanula zikope ndi zala, n'kukakanikizira pa diso ndi kampira kogwirira. Mukalowa thovu, ankachotsa n'kuyambiranso.

Tsiku loyamba kubwera nato kuntchito, analowetsa ulusi pa singano kamodzi n'kamodzi. Mayi wina amene ankadikirira diresi yake anachita kuwomba m'manja.

"Mphwanga, kodi tsitsi lako linayamba liti imvi?" anatero achimwene akuseka. Kenako anatola buluku limene Mng'ono anali atangomaliza. "Thumba ili lapendekeka pang'ono. Pang'ono chabe."

Mng'ono anaseka ndi mano okha. Zaka zonsezi munthu ankasita mathumba omwewo osaona vuto, lero timbale tiwiri tamusandutsa woyendera ntchito za anthu! Nsanje inamugwira, ndipo ankadziwa bwino kuti ndi nsanje. Kodi munthu angadandaule kwa ndani kuti m'bale wake wayamba kuona?

Mbiri inayenda msanga. Makasitomala akale, ena oti anali atasiya kubwera, anayamba kusuzumira pakhomo. Ankamulonjera Mng'ono maso ali kumbuyo kwa shopu. Paja amati atambala awiri salira m'khola limodzi, ndipo Mng'ono anayamba kudzuka m'mamawa kuti azifika pawindo achimwene asanatulukire.

Kenako kunabwera mphunzitsi wamkulu wopuma ntchito, atanyamula nsalu yodula ya suti ya ukwati wa mwana wake. Anaiyala pa tebulo la Mng'ono, pamaso pa Mng'ono, n'kunena kuti, "Iyi adule achimwene anu. Inu mudzangothandiza mabatani."

Mabatani! Mng'ono anayankha kuti, "Chabwino bambo," koma tsiku lonselo sanadye.

M'mawa mwake achimwene anabwera kudzadula. Anali atalemba kale ndi choko mbali imodzi pamene anadandaula kuti diso lakumanja lachita chifunga, fumbi la nsalu lalowa. Anakhala pa mpando wawo kumbuyo, natulutsa kampira kaja kuti achotse kagalasi n'kukatsuka. Kanatuluka bwinobwino, koma kanaterereka m'zala. Panamveka kaphokoso kakang'ono pa simenti, kenako zii.

"Usasunthe!" anakuwa achimwene. "Mphwanga, usasunthe phazi. Kena kuti apange pamatenga milungu isanu ndi umodzi."

Anagwada n'kuyamba kupapasa m'zidutswa za nsalu, diso limodzi atatsinzina. Ankafunafuna pansi pa tebulo lositira. Koma kagalasiko kanali katagubuduzika kutali, mpaka pafupi ndi mwendo wa makina osokera, pamene Mng'ono anaima. Iye anakaona, kakunyezimira pambali pa nsapato yake. Ukwati unali utatsala milungu iwiri. Ndi diso limodzi, palibe telala wanzeru amene angaike sizasi pa nsalu yodula ngati imene ija.

Anakweza phazi pang'onopang'ono n'kuliika pamwamba pake. Sanaponde mwamphamvu, anangophimba. Anadziuza kuti akukateteza.

"Ukukaona?"

"Ayi, achimwene. Sindikukaona."

Achimwene anapapasabe nthawi yaitali, mawondo a buluku atayera ndi fumbi la choko. Mwendo wa Mng'ono unayamba kunjenjemera chifukwa cholemera mbali imodzi, ndipo sankadziwanso ngati chidendene chatsika kapena ayi. Pomaliza achimwene anakhala pansi pomwepo, atatsamira khoma, napuma mpweya wautali.

"Basi, udula ndiwe," anatero. "Ndinali nditawauza kale aphunzitsi kuti kolala ndi mapewa usoka ndiwe, chifukwa pamenepo unandipitirira kalekale. Ine ndimangofuna ndidule suti imodzi yokha, ndione ngati manjawa akukumbukira. Pawindo sindingabwererenso, mphwanga. Dzuwa la pamenepo limandiwawa m'maso, ndipo makasitomala anakuzolowera iwe."

Anatambasula dzanja, natenga sizasi pampando, n'kuilozetsa kumene kunali Mng'ono, chogwirira chili kutsogolo.

"Bwera udzatenge. Koma uziyang'ana poponda."

Mng'ono anangoima pomwepo. Kuti afike pamene panali sizasiyo, anayenera kuchotsa phazi.