Kamphaka Kopanda Akodiyoni

Aliyense wojambula makatuni mu mzinda wa Porto masiku amenewo ankadziwa kutchera nyambo. Nyuzipepala isanasindikizidwe, masamba onse ankapita kaye kwa osefa nkhani, madoda opuma usilikali okhala ndi pensulo ya buluu. Munthu wotere sangakubwezere chithunzi osadulapo kanthu, angaoneke ngati akudya malipiro aulere. Ndiye tinkamuikira dala chinthu chaphokoso, monga makutu a bulu pamutu pa nduna, kuti adule chimenecho, akhute, asiye chimene ife tinkafuna kunena.

Ine chimene ndinkafuna kunena chinali kamphaka. Kankakhala pakona ya m'munsi pa katuni iliyonse ya Lachisanu, katavala kachipewa kopendekeka ka Chifalansa, kakuliza akodiyoni, choimbira chija chokoka ndi kukankha ndi manja awiri. Owerenga ankati ndi saini yanga, koma kanali ka Duarte, mwana wathu mmodzi yekhayo, amene anathawira ku France ataitanidwa kunkhondo ya ku Africa. Makalata ankatsegulidwa ndi boma, ndipo kumene ankagona sitinkakudziwa n'komwe. Tinkangodziwa kuti nyuzipepala yathu imafika ku Paris, kumene anthu akwathu omanga nyumba amaigula. Tsiku lonyamuka ndinamuuza kuti akamaona kamphakako adziwe kuti amayi ake, Deolinda, amene ankadwala mtima, akadali moyo. Iye anati kakadzangosowa adzabwera, ngakhale adzamumange pachipata. Kuuma mutu anatengera amake.

Akodiyoniyo ndinaitenga pa mbale zake za galamafoni. Anasiya mulu wa nyimbo za Chifalansa, ndipo Deolinda, amene kale ankati oimbawo amamveka ngati akutsuka pakhosi ndi madzi amchere, tsopano ankaziliza tsiku ndi tsiku akusita. Nanenso zinandilowa. Afalansa amaimba zachisoni koma phazi lako likugunda pansi, ndipo ntchito yanga ndi yomweyo, kuseketsa munthu pa chinthu chimene chikumuwawa.

Lachinayi lina masana mkonzi wathu, a Saraiva, anandiponyera tsamba lochokera kwa osefa. Makutu a bulu anali bwinobwino pamutu pa nduna. Mtanda wa buluu unali pa kamphaka.

A Saraiva ankadandaula za makutu, ati akatuluka momwemo nyuzipepala itsekedwa. Ine makutu ndinalibe nawo ntchito. M'maso mwanga munali Duarte ali m'sitima yobwera kuno, apolisi akumudikira pamalire. Wojambula sankapita kwa osefa, unali mwambo wosalembedwa, koma ndinatenga chithunzi chenichenicho, ndinavala jekete n'kutuluka.

Ndinapeza a Koloneli Pimenta, osefa tsamba lathu, akusenda lalanje pa desiki. Ndinawauza mwaulemu kuti mwina dzanja linaphonya, chifukwa chachipongwe pachithunzipo ndi makutu.

"Makutu ali bwino," anatero. "Ndunayi ndinaphunzira nayo sukulu, mwaifanizira. Vuto ndi mphakayu. Kwabwera lamulo, zoimbaimba za ku France ayi. Oimba akumeneko akunyoza nkhondo yathu."

Tsiku lina ndikanaseka mpaka misozi. Anthu amakamba za ufulu wa atolankhani ngati chinthu chachikulu chofuna zikwangwani ndi misonkhano. Wanga tsiku limenelo unali waung'ono ngati chikhadabo, ndipo unali m'manja monata madzi a lalanje.

Ndinachonderera. Ndinati kamphaka ndi ka ana, ndinati owerenga anakazolowera, mpaka ndinanama kuti akodiyoniyo ndi ya kumudzi kwathu kumapiri. A Koloneli ankangotafuna. Zoona zake sindikanatha kunena, chifukwa kuvomera kuti ndimatumiza uthenga kwa wothawa usilikali kunali kudzitengera ndekha kundende, a Saraiva nawo pambuyo panga.

"Bwana," ndinatero potsiriza, "lamulolo likuletsa amphaka kapena nyimbo?"

Anapukuta zala, nayang'ana papepala lina. Anati nyimbo.

Ndinatulutsa kalezala kamene timapalira inki tikalakwitsa. Pa desiki yawo pomwepo ndinapala chipewa, kenako akodiyoni, pang'onopang'ono kuti pepala lisabooke. Kamphaka kanatsala katatambasula manja, pakati palibe kanthu. A Koloneli anakayang'ana nthawi yaitali.

"Kakuoneka ngati kakudikira munthu," anatero.

Ndinayankha kuti amphaka ndi otero. Anadinda chidindo, kenako anatenga pensulo yawo n'kudula makutu aja, akuti ndisamawaone ngati mwana, nyambo amaidziwa kuyambira kale.

Kamphaka kanatuluka, koma mtima wanga sunakhale pansi. Ndi Duarte tinagwirizana za mphaka, za nyimbo sitinakambe. Nanga Duarte akaganiza kuti amake ali moyo koma atsala madzi amodzi? Deolinda ataona nyuzipepalayo anandifunsa kuti, "Mwandilanda nyimbo ndikadali moyo, bambo a Duarte?" Kenako anadula kamphakako ndi sizasi n'kukaika pa galamafoni. Kuyambira pamenepo munthu akagogoda, tonse tinkadzidzimuka. Ine ndinkapemphera kuti asakhale Duarte. Deolinda sananene, koma ndinkaona mmene ankakonzera tsitsi asanatsegule chitseko. Theka la mtima wake linkafuna kuti mwanayo amve molakwika, ndipo sindinamudzudzule.

Sanabwere. Unangofika mwezi wa Ogasiti, umene anthu ogwira ntchito kunja amadzaona kwawo. M'mawa wina mwamuna wosadziwika, wa manja ong'aluka ndi simenti, anatipatsa phukusi lathyathyathya. Anati wina anamupatsa pa siteshoni, dzina sanafunse, ndipo khofi anakana.

Inali mbale ya galamafoni. Pachikuto pake panalibe mawu, koma pakona ya m'munsi panali kaakodiyoni kojambulidwa ndi bolopeni, kokhotakhota.

"Kujambula sikunamulowebe," anatero Deolinda.

Anatenga kamphaka kake kaja n'kukaika pambali pa chikutocho. Anadula kaakodiyoniko mosamala, nakalowetsa pakati pa manja otambasuka aja. Kanakwana ndendende. Mwanayo anali atayeza.

Ndinalira, sindibisa, bambo wamkulu amene anthu amamulipira kuti aziwaseketsa. Deolinda anaika mbaleyo pa galamafoni, natsitsa singano, nanditambasulira manja kuti tivine. Ndinamukumbutsa kuti dokotala anamuletsa kudzitopetsa.

"Dokotala alibe mwana ku Paris," anatero. "Sunthani tebulo."