Mpiru wa Pansi pa Ndowa

Mliri utatseka sukulu, malipiro a Aphunzitsi anatsekeredwa momwemo. Zaka zonsezi ankaphunzitsa ana kusamala madzi ndi nthaka, koma dimba lawo linali la choko pabolodi basi. Tsopano mbale ya ndiwo kunyumba inayamba kuwala ngati galasi.

Atatchula zolima dimba lenileni, akazi awo ananeneratu kuti madzi amachita kusenza kuchokera kumpopi wakutali, ndipo ngakhale dontho silipita kumasamba, pokhapokha bambowo atamera nkhata pamutu.

Ndiye Aphunzitsi anaponya diso kwa alamu awo ometa tsitsi. Pakhomo pa shopu panali ndowa yosambira m'manja, madzi ake akungomwedwa ndi fumbi. Anatcherapo beseni loboola la mchenga ndi makala kuti lizisefa sopo, nadzaza dothi m'matumba a simenti, n'kubzalamo mpiru.

Vuto linali lakuti mpiruwo unkamwa pokhapokha munthu akasamba. Basi Aphunzitsi anasanduka wapolisi wa zaumoyo. Wolowa asambe, wotuluka asambe, wongofunsa njira asambe kawiri. Wosamba mwaulesi ankamubweza ngati walephera mayeso, n'kumuwonjezera phunziro la madzi laulere. Makasitomala anayamba kulambalala, tsitsi kulisunga ngati chuma.

"Alamu, munakwatira mlongo wanga, osati ndowa yanga," anatero ometa aja. "Likafika Loweruka mpandowu uli wozizira chonchi, matumba anuwa akagona kudzala."

Aphunzitsi anayang'ana mpiru wawo, masamba atafika ngati zikhatho. Anathyola onse amene anayenera kulowa mumphika wa kunyumba, namanga timitolo, n'kulengeza kuti wometetsa aliyense alandira kamtolo ka basela. Akazi awo anati imeneyo ndi misala, kugawa ndiwo m'nyumba muli njala. Iwo anayankha kuti mpiru ndi tsitsi n'zapachibale, ukadula zimaphukanso.

Loweruka mzere unafika kumsewu, anthu atatalikirana bwinobwino, azimayi akukoka ana ndipo ena akufunsa kasefedwe ka sopo. Patsogolo penipeni panali mdala wina wa dazi losalala ngati dzira. Anakhala pampando nalamula kuti amumete mwaulemu, diso lili pamitolo.

Alamu anayendetsa makina m'malere pamwamba pa dazilo, nkhope ili gwa.

"Mwasamba m'manja, madala?" anafunsa ometawo.

"Ndasamba, mwanawe."

"Mukasambenso. Thumba lakumapeto lija lauma."