Mfundo ya Fiskani

Fiskani anatiitanira ku chionetsero cha zaluso zamanja Loweruka lina mu Seputembala, ndipo tinapita atatu: ine, Mavis ndi Vitumbiko. Tonse tinaphunzira limodzi ku Zomba. Pa anayife wanzeru kwambiri anali Fiskani, ndipo ndi iye yekha amene sanapeze ntchito. Mavis amaphunzitsa kusekondale ku Khombedza, Vitumbiko ndi mlangizi wa zaulimi ku Chitala, ine ndili ndi desiki pa ofesi ina paboma, pomwe ntchito yanga yeniyeni ndi kudzaza sudoku wa m'nyuzipepala abwana asanaifune. Fiskani atatopa ndi kulemba makalata ofunsira ntchito anabwerera kwawo ku Lifuwu n'kuyamba kusema.

Chionetserocho chinali pabwalo lamchenga pakati pa msewu ndi nyanja. Misasa yaudzu inali itandandalika mzere umodzi wautali, yodzaza mikeka, madengu a mlaza, mikanda, ndi mvuu zosema zochuluka kuposa zamoyo. Fiskani tinamupeza chakumapeto kwa mzerewo.

"Mwanenepa, anthu a boma," anatero potikumbatira. "Mavis yekha ndiye choko chikumudya."

"Iwe utuchi wakukongoletsa," Mavis anamubwezera. "Ndevu zayera ngati za agogo."

Patebulo pake panali zipande ndi mbale zamatabwa, koma maso anga anakakamira pa chinthu chimene chinali pakati. Chinali chachikulu ngati papaya: timitengo sikisi ta mlombwa, tolowanalowana popanda msomali kapena guluu. Kunsonga kwa kamtengo kalikonse anasemako nsomba yakeyake. Fiskani ankachitcha mfundo. Inamutengera miyezi iwiri, ndipo inalipo imodzi yomweyo.

Anatiuza kuti tsikulo kubwera mayi Salome, eni shopu ya zaluso ku Lilongwe, kudzasankha amisiri atatu oti aziwatumizira katundu chaka chonse.

"Mvuu aliyense pano ali nazo," anatero. "Mfundo ndili nayo ndekha. Akandilumpha, ndinalonjeza kale Lusubilo kuti ndigulitsa zida ndikwere basi ya ku Joni. Mlamu wanga wandipezera malo otsuka magalimoto."

Lusubilo ndi mkazi wake. Vitumbiko anatola chipande n'kuyamba kuchiyang'anitsitsa ngati sanaonepo chipande.

Kenako Fiskani anakumbukira kuti wasiya kunyumba timabokosi take tomwe anatiyanika titapakidwa vanishi. Mayi Salome anati afika 2 koloko, ndipo nthawi inali isanakwane 11. Anaitana njinga yamoto ya kabaza.

"Gusto, khala pampando wangawo uziyang'anira," anandiuza. "Ndipo mfundoyo usaikhudze. Ndimakudziwa."

Pampandopo sindinakhale. Ndinali nditaona anthu awiri a kuofesi kwathu akusankha mikeka, ndipo sindinafune kuti Lolemba nkhani ikhale yakuti a Augustine ayamba kugulitsa zipande. Ndinaima mbali ya ogula, ngati munthu wongodutsa. Vitumbiko ndi Mavis nawo anaima pambali panga.

Ndinapirira mphindi khumi.

"Ukuiopa," Vitumbiko anatero.

"Ndikungoiyang'ana."

"Munthu amene ankatimaliza tonse pa bawo. Lero wagonja ndi nkhuni."

"Mwini wake wanena kuti asakhudze," anatero Mavis. "Anthu inu simunakulebe?"

Ndinainyamula kuti ndingomva kulemera kwake. Ndinakankha kamtengo kamodzi, sikanasunthe. Kachiwiri chimodzimodzi. Kachitatu, kamene kanali ndi usipa, kanatsetsereka mofewa n'kutulukira mbali inayo. Ndinamva kukoma kumene ndimamva nambala yomaliza ikalowa m'malo mwake. Kukomako sikunakhalitse. Mfundo inafooka m'manja mwanga, timitengo tonse n'kugwera patebulo, kwapa!

"Eee," anatero Vitumbiko, n'kubwerera m'mbuyo.

"Musade nkhawa," ndinatero. "Chomasuka chimamangika."

Patatha theka la ola ndinali nditatuluka thukuta mpaka m'masokosi. Kamtengo kalikonse kanali ndi mipata yakeyake yogoba, ndipo tonse tinkaoneka ngati tingalowane, koma ndikafika pa kachinayi njira inkatsekeka. Ndinajambula papepala. Ndinawerengera kuti njira zoyesa zinalipo masauzande, zomwe zinali zoona koma zosathandiza.

Bambo wa msasa woyandikana nawo, wogulitsa mikeka, anasuzumira. Fiskani anali atatiuza kuti ndi a Abdulkarim, msodzi wakale.

"Achimwene, mayi aja afikatu," anatero. "Ayambira uko kwa a madengu. Ati akufuna abwerere msanga."

Tinacheuka. Mayi wovala chipewa chachikulu, kabuku m'manja, anali misasa eyiti kuchokera pomwe tinali.

Mavis anaimbira Fiskani n'kuika foni poti tonse timve. Anayankha akupuma mwawefuwefu. Tayala la njinga linali litaphulika pobwerera, pakati pa minda ya mpunga, ndipo anali akuyenda wapansi ndi katoni pamutu.

"Mayi Salome afika," anatero Mavis. "Ndipo mnzakoyu ali ndi mawu."

Ndinamuuza. Pafoni tinkamva mapazi ake.

"Chabwino," anatero Fiskani. "Palibe chathyoka?"

"Palibe."

"Ndiye ndi zophweka. Tenga kampango ndi mlamba, uziimike moyang'anana."

Ndinayang'ana timitengoto. Chambo ndinachidziwa, usipa ndinaudziwa. Panali nsomba ziwiri zandevu ndi ziwiri zazitali.

"Zandevuzi?"

"Eya. Kampango akhale kunyanja, mlamba kumtunda."

"Kampango ndi uti?"

"Gusto, wakhala ku Salima zaka zinayi."

"Ine ndimamudziwa ali m'mbale, atadulidwadulidwa."

"Ndi wonenepayo," Vitumbiko anatero motsimikiza.

"Iwe wa kumapiri ku Rumphi ukhale chete," anatero Mavis. "Nsomba unayamba kuiona m'chitini."

A Abdulkarim anatiyang'ana mmene munthu amayang'anira ana a eni ake akudya dothi. Anabwera n'kuloza ndi chala.

"Mchira wamphandawu ndi kampango. Wozungulirawu ndi mlamba. Uyu wamano ndi mcheni, uyu mpasa. Wallahi, sukulu yonse ija."

Tinaimika ziwirizo. Mayi Salome anali atasuntha misasa iwiri. Mavis anati apita akawachedwetse, ndipo tinamuona akuwapatsa moni ndi manja awiri n'kuyamba kuwafunsa za chipewa chawo.

"Tsopano mpasa," anatero Fiskani. "Igone pakati pa ziwirizo, mpata wake waukulu uyang'ane kwa iwe. Yalowa?"

"Yalowa."

"Mcheni ulowetse kuchokera kumtunda, ukankhire kunyanja. Kenako chambo pamwamba."

Zinalowa, ngakhale chambo chinalimba pang'ono. Kwa nthawi yoyamba chinthucho chinayamba kuoneka ngati mfundo. Vitumbiko anandimenya pamsana. Panatsala usipa wokha, ndi bowo limodzi loti ulowemo.

Unalowa theka n'kuima.

"Wakana," ndinatero.

"Sungakane. Umalowa wokha. Usaukakamize."

"Mwina ndi kutentha, thabwa latupa."

"Silinatupe. Pali chomwe chatembenuka. Masula uyambirenso, koma usakakamize, wamva?"

Mavis anabwerera akuthamanga. "Andithokoza, ati chipewa anagula ku Dedza. Atsala misasa iwiri."

Kuyambiranso kukanatenga mphindi zisanu, ndipo ndinalibe chitsimikizo kuti ndikafika pena. Usipa unatsala pang'ono chabe, kutalika kwa chala. Ndinaika chikhatho pansonga yake n'kutsamira.

Phokoso lake linali laling'ono, ngati munthu wathyola bisiketi. Usipa unalowa. Kumbali inayo kachidutswa ka mpasa kanagwera patebulo, ndipo mfundo yonse inapendekeka n'kumasuka.

"Chimenecho n'chiyani?" anafunsa Fiskani.

A Abdulkarim anatola kachidutswako, n'kukatembenuza, kenako anayang'ana pomwe ndinaima, n'kuyang'ana mpando wopanda munthu kuseri kwa tebulo.

"Mwini wake amamanga atakhala apo," anatero. "Akati mpata uyang'ane kwa inu, akunena uko. Inu mwaima kwa ogula."

Fiskani anamva. Foni inaduka.

Mayi Salome anafika. Anali munthu waulemu, wotopa ndi dzuwa. Anatipatsa moni, anagwira chipande, anagogoda mbale ndi chikhadabo.

"Amisiri ake ndi ati?"

"Akubwera, mayi," anatero Mavis. "Njinga yawavuta panjira. Mphindi makumi awiri zokha."

"Anandiuza pafoni kuti ali ndi chinthu chachilendo."

Ndinawaonetsa timitengoto. Ndinafotokoza bwino kwambiri, chifukwa kufotokoza ndiye ndimatha. Ndinanena za mipata, za kusowa kwa msomali, za kamtengo kamodzi kotsekera tinzake tonse. Ndinanenanso kuti wathyola ndine.

Anatola mpasa n'kuyang'ana pothyokapo.

"Mwathyola ndi manja?"

"Ndinakakamiza, mayi. Olakwa ndine, osati thabwa."

"Ndakumvani, bambo. Koma ogula anga nawonso amakakamiza. Akathyola amabwera nacho kwa ine." Anaibweza patebulo mosamala. "Zipandezi n'zabwino, koma wa zipande ndili naye kale."

"Fiskani anali woyamba m'kalasi mwathu," anatero Vitumbiko. Sindikudziwa chimene ankaganiza kuti mawuwo achita.

Mayiwo anamwetulira, analemba kanthu m'kabuku kawo, n'kupita pa msasa womaliza. Mavis anawatsatira mpaka pagalimoto. Tinkamuona akulankhula, manja ali pachifuwa, mayiwo akugwedeza mutu mwaulemu uku akutsegula chitseko. Galimoto itatuluka pabwalo, mnyamata wosema mvuu wa pakati pa mzere anayamba kuvina, anzake akumuombera m'manja.

Fiskani anafika patatha theka la ola, malaya atanyoweratu, fumbi mpaka m'mawondo. Anatula katoni pansi. Sanafunse za mayi Salome. Anaona yekha pomwe panaima galimoto paja. Anazungulira tebulo, anakhala pampando wake, n'kutola zidutswa ziwiri za mpasa. Anazilumikiza, zinagwirana bwinobwino, anazisiya, zinalekana.

"Guluu sangagwire?" ndinafunsa.

"Pamenepa ndi pomwe pamanyamula zonse."

"Ndikhoza kupita ku Lilongwe Lolemba. Ndikawafotokozerenso."

"Wawafotokozera kale, si choncho?"

"Tigula timabokosito," anatero Mavis. "Tonse. Ine ndimafuna kale timabokosi."

"Inenso," anatero Vitumbiko.

"Mavis, iwe ukaikamo chiyani, choko?" Anayesa kuseka. "Musavutike. Lero lokha mukhoza kugula. Nanga mwezi wamawa?"

A Abdulkarim anamubweretsera madzi m'botolo. Anamwa theka, otsalawo anadzithira kumutu. Kenako anatsegula katoni n'kuyamba kutulutsa timabokosi tija kamodzikamodzi, akutipukuta ndi malaya n'kutindandalika patebulo, chifukwa chionetsero chinali chisanathe ndipo anthu ankadutsabe.

Ine ndinaima pomwepo, manja ali lende. Ndinafuna kuti andikalipire, anditukwane ngati kale, koma iye ankangowongola mzere wa timabokosi.

Foni yake inalira. Anayang'ana dzina, n'kuisiya ilire kawiri katatu.

"Ndi Lusubilo," anatero. "Tandipatsani mpata pang'ono, amwene."

Tinasuntha atatu tonse mpaka pa msasa wa mikeka. Kuchokera pamenepo mawu ake sankamveka. Tinkangoona akumvetsera nthawi yaitali, mutu uli pansi, kenako akugwedeza mutu kuvomera.