Dikoni Atchetcha Duwa la Kampasi

Verlyn Hoekstra anali atangozimitsa makina otchetchera kapinga pamene mkazi wake Marlys anatsika m'galimoto. Verlyn, dikoni wa mpingo wawo m'katauni kena ku Iowa, anapukuta thukuta n'kuloza bwalo la Mayi Dykstra monyadira.

"Taonani, mayi. Akamatuluka m'chipatala apeza pakhomo pali mbee. Thengo lija lakuseri ndalimalizanso."

Marlys anathamangira kuseri kwa nyumba. Posakhalitsa anafuula.

"Bambo inu! Duwa la kampasi lili kuti?"

"Duwa lanji? Munali zitsamba zokhazokha. China chinandiposa msinkhu, masamba okhakhala ngati lilime la ng'ombe."

"Chomwecho! Mayo ine, chomwecho!"

Njere za duwalo anatola ndi malemu Harlan, mwamuna wa Mayi Dykstra, m'mbali mwa njanji, pamene udzu wakale wa m'chidikha sunagaulidwepo. Duwa limeneli, limene masamba ake amaloza kumpoto ndi kumwera ngati kampasi, limayamba ndi kuzika muzu, zaka ndithu, osaonetsa kanthu. Harlan anamwalira akudikira. Chaka chino ndi pamene linatulutsa phesi, ndipo linali pafupi kumasula. Mayi Dykstra, amene anathyoka chiuno atagwa pakhonde, ankauza aliyense wodzawazonda kuti akufuna achire msanga akalione. Nyengo yozizira isanafike anayenera kukakhala kwa mwana wawo ku Omaha, nyumba n'kugulitsidwa.

Verlyn anafukula mulu wa zinyalala mpaka anapeza phesilo. Utomoni unamumata m'zala.

"Bwanji ndikagule lina ndibzale lero lomwe?" anatero motsitsa mawu. "Maso awo ndi okalamba."

"Mukufuna kusoka masamba a mkuyu ngati Adamu?" anatero Marlys. "Safunsa anadya phula, bambo. Si inu nomwe munatiwerengera paguwa za namsongole, kuti asazulidwe nthawi isanakwane?"

Verlyn anakulunga phesilo m'thumba n'kulowa m'galimoto.

Kuchipatala anapeza Mayi Dykstra atatsamira pilo, akung'ung'uza nyimbo ya Mulungu. Atamuona anasekerera.

"A dikoni! Kodi mwabwera kudzandipempherera, kapena kudzandithandiza chakudya chopanda mcherechi?"

Verlyn anavula chipewa. Anatulutsa phesilo n'kuligoneka pabulangete.

"Ndalakwa, mayi. Ndinati ndikukonzereni pakhomo. Sindinafunse munthu."

Mayi Dykstra anagwira duwa limodzi losamasula, nalitsegula pang'ono ndi chikhadabo. M'kati munaoneka chikasu.

"Kani likanakhala lotere," anatero. Misozi inatsika, koma sanaipukute.

Verlyn analakalaka akanamukalipira. Kufatsa kwawoko kunamupweteka kuposa chikwapu.

"Ndikalikumbe, mayi, ndikufikitsireni ku Omaha."

"Mukumbe? Muzuwo ndi wautali kuposa inuyo ndi chipewa chomwe. Ukaduka, lafa. Panopa silinafe ayi. Makolo ake ankapsa ndi moto, njati n'kumawadya, koma ankaphukanso. Lidzamasula chaka chamawa, ngati ogula nyumba sadzakhala akhama ngati inu. Koma ine kudzakhala kulibe."

"Ndikhululukireni."

"Ndakukhululukirani musanakhale n'komwe pansi. Ine amene Ambuye anandikhululukira zambiri ndingakukanizeni bwanji? Madzi akatayika sawoleka. Koma ntchito ndikupatsani."

"Nenani, mayi."

"Masamba akayamba kuyoyoka, mupite kunjanji mukatole njere, pang'ono chabe, zina musiyire mbalame. Mufese chipale chofewa chisanagwe, pakuti njere imeneyi simera isanagone m'chisanu. Mufese pakhomo panu, kutsogolo."

Kapinga wakutsogolo kwa nyumba ya Verlyn ankadziwika tauni yonse. Ankamudula mizere yowongoka, ndipo kaudzu kachilendo sikankagonapo.

"Kutsogolo, pamsewu? Anthu adzati dikoni wasiya kusamala pakhomo."

"Adzatero ndithu, ndipo kwa zaka. Za Harlan ankanenanso choncho. Wina anafika pozitengera kumsonkhano wa madikoni, akuti nyumba ya Mkhristu isamaoneke ngati bwinja. Harlan anabwera kunyumba osadya."

Verlyn anayang'ana nsapato zake. Mayi Dykstra sanatchule dzina, ndipo panalibe chifukwa cholitchulira.

"Tipemphere, a dikoni," anatero mayiwo, atatambasula dzanja. Verlyn analigwira, koma mawu anamukanika, ndiye amene anapemphera anali mayiwo.

M'mawa mwake Verlyn anatenga fosholo n'kuyamba kusenda kapinga pakati penipeni pa bwalo lake, kuti nthaka ikonzeke. Mnansi wake Orval anaimitsa galimoto n'kutsitsa galasi.

"A Hoekstra, mwadwala? Kapena mukukumba manda a galu?"

"Ndikukonza pofesa thengo," anatero Verlyn, osadzutsa mutu.

Orval anaseka mpaka kutsokomola. Verlyn anaponda fosholo, nasenda chigamba china.