Utsi wa m'garaja ya Sixten

Evert analowetsa kapaipi ka makina oyezera utsi m'ekizozi, n'kuwerama kuti aone nambala. Galimoto ya mlamu wake Sixten inkanjenjemera ngati galu wonyowa. Sixten anaipanga yekha m'garaja yomweyi, zaka khumi ndi zitatu, kuwotcherera chitsulo chimodzichimodzi, injini kukatola kwa ophwasula.

Tsono nyumba inali itagulitsidwa. Pakutha pa mwezi Sixten ndi mkazi wake Gunvor, mlongo wake wa Evert, ankasamukira m'kanyumba kam'mwamba m'tauni ya Lycksele, kopanda garaja. Ikakhoza mayeso a mawa lake, galimotoyo ikanalandira nambala n'kumagona pamsewu ngati zinzake. Ikalephera, inalibe kolowera.

"Awiri ndi theka!" anakuwa Evert. "Malire paja ndi anayi ndi theka. Alamu, chilombo chanuchi chikupuma bwino kuposa mwiniwake."

"Manja awa si anu," anatero Sixten. "Boti lanu lija, chaka chachingati chino lisanalawe madzi?"

"Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi."

Kunja kunkazizira koluma mphuno, ndiye chitseko anali atatseka, pansi pake n'kutsekapo ndi chiguduli. Akuluakulu awiri, imvi mbuu. Sixten anaseka, kenako anakhala pa tayala, nati mutu ukumulemera. Evert naye ankaona nambala ziwiriziwiri.

Gunvor anakankha chitseko ndi phazi, khofi ndi mabanzi zili m'manja. Thireyi inagwa.

"Mwapenga? Zimitsani! Tuluka, Sixten, tuluka!"

Anamukoka ndi kolala mpaka pachipale chofewa. Sixten anagwada, nasanza. Evert anatuluka akudzandira, makina aja atawakumbatira ngati khanda. Mphepo itawawomba, nambala inatsika, n'kupitirira poyambira.

Evert anaiyang'ana nthawi yaitali. Makina otere amayamba anunkhiza mpweya woyera, kuti adziwe poyambira kuwerenga. Iwo anali atawatchera m'kati mwa garaja, injini italira kale theka la ola. Makina anayesa utsiwo ndiye mpweya wabwino.

Anawatcheranso pabwalo, galimoto n'kuikankhira panja. Asanu ndi awiri. Sixten anapotoza sikulu ya kabuleta kuti achepetse mafuta. Injini inatsokomola, n'kuzima. Anabweza, inalira, asanu ndi awiri. Anapotozanso, inazimanso.

"Yatha m'kati," anatero. "Mpaka kuiphwasula. Milungu isanu ndi umodzi."

"Tithire spiriti m'thanki," ananong'ona Evert. "Oyezawo ndi ana a dzulo. Ola limodzi lokha, ikawanamize."

"Yatinamiza kale ife," anatero Gunvor. "Ndikadachedwa kuphika khofi, bwenzi ndikuitanitsa mabokosi awiri. Lako, achimwene, likadangokhala boti lija."

Palibe anaseka. Sixten anasisita boneti, pamalo pomwe penti anaipaka katatu. Kenako anatulutsa foni, naimbira oyeza magalimoto kuti malo ake a mawa apatse wina.

"Alamu, m'shedi mwanu muja, pambali pa boti, malo alipo?"

"Alipo. Lona ndili nayenso."

"Mpaka nyengo yozizira itatha basi."

"Inde," anatero Evert. "Nanenso ndinkatero."

Gunvor anazula kiyi wa galimoto ya Sixten n'kumuponya m'thumba la jekete yake. Anawakweza onse awiri kumpando wakumbuyo kwa galimoto yake yogula m'sitolo, nalunjika nawo kuchipatala, mawindo onse ali pululu.