Mbaula ya Aamishi

Mu June, chiperoni chitatsika ku Michesi, a Lingson, kalipentala wa ku Mkhumba, anakacheza kwa mwana wawo Violet, namwino wa pa boma la Phalombe. Anamupeza atavala majuzi awiri, maso ali pa TV.

"Bambo, taonani mbaula yamagetsi iyi," anatero Violet. "Yafika kusitolo kwa Goodman. Mawa ndikukagula."

Pa TV pankaoneka azungu andevu zazitali ndi zipewa zaudzu akupala matabwa. Wolengeza ankati awa ndi Aamishi a ku Amerika, anthu opemphera okana magetsi, ndipo mbaulayo, yokhala m'bokosi lokongola lathabwa, amaipanga okha ndi manja.

A Lingson anasendera pafupi. "Uyu akupala chiyani? Wakankha kanayi, koma pansi sipanagwe kanthu. Nanga anthu okana magetsi, chinthu chamagetsi amachiyesera pati?"

"Inu bambo, zonse mumangokayikira."

M'mawa anapitira limodzi. Musitolomo anapeza aphunzitsi atatu atazungulira mbaulayo, Goodman akuisisita.

"Madala, thabwa ili kuno kulibe," anatero Goodman.

A Lingson anagogoda pamwamba pake, n'kutchera khutu. Ananunkhiza. Kenako anapempha kuti aitembenuze, n'kukanda kunsi kwake ndi chikhadabo. Chimene chinkaoneka ngati thabwa chinasendeka. Linali pepala, pansi pake utuchi womata ndi guluu.

"Violet, tawerenga kalebulo aka, ine maso anatha."

Violet anawerama. "Akuti yapangidwa m'fakitale ku China."

Aphunzitsi aja anafa nalo phwete. Goodman anapukuta thukuta m'chisanu chonsecho. "Ine ndinangooda, madala. Nanenso ndinaonera pa TV pomwepo."

"Sindikukunenani inu ayi," anatero a Lingson. Anatola kambaula wamba kamene kanali pashelefu ya pansi, n'kukaimika pambali pa inzake ija. Waya wake anali yemweyo, batani lomwelo. Violet anagula kakang'onoko, ndipo panjira anawalanda bambo ake chikwama n'kuwanyamulira.

Atabwerera ku Mkhumba, a Lingson anasankha thabwa la mbawa limene ankalisunga kudenga. Anapala masiku atatu, n'kukhoma bokosi loikamo kambaula ka Violet kaja. M'kati mwa bokosilo anakhomamo lata kuti lisapse, kumbuyo anaboola mabowo a mpweya. Violet atangoliika pabalaza, anzake akuntchito anayamba kufunsa njira ya ku Mkhumba, aphunzitsi aja nawonso.

Tsiku lina masana Goodman anatulukira panjinga yamoto, fumbi lili mbuu, akufuna mabokosi oti azikagulitsa. A Lingson anamupatsa mpando, iwo osasiya kupala.

"Pali anzanu anabwera kale. Anu ndidzayamba mu August."

"August? Kukhalatu kutayamba kutentha!"

"Ndiye chaka chamawa mudzalawirire," anatero a Lingson, akuuzira utuchi pathabwa.